Mafunso ndi mayankho: Windows ikakana kuona disiki ya kompyuta yanu

Ndimakonza makompyuta m'tauni muno mwa Harare, ndipo sabata siitha ndisanalandire uthenga wa pa WhatsApp kuchokera kwa abale athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Dzivarasekwa. Amatumiza chithunzi cha sikirini, pansi pake n'kulemba kuti, "Achimwene, disiki yafa." Nthawi zambiri disikiyo imakhala ili bwinobwino. Chimene chasowa ndi timafayilo tochepa totchedwa driver, timene timathandiza Windows kumvana ndi disikiyo. Ndatolera mafunso amene amabwerabwera, kuti amene angathe kudzikonzera okha asataye ndalama ya kombi.

Ndikuika Windows kuchokera pa fulashi, ndafika posankha disiki koma m'bokosimo mulibe kanthu. Pansi palembedwa kuti "We couldn't find any drives". Kodi disiki yanga ya SSD yapsa?

Musathamangire kukagula ina. Zimitsani kompyuta, muiyatsenso n'kulowa mu BIOS, tsamba la zosintha za kompyuta limene limatsegulidwa Windows isanayambe. Pa Dell, Acer ndi ASUS batani lake ndi F2, pa HP ndi F10, pa ThinkPad ndi F1. Fufuzani pamene alemba za disiki. Mukaona dzina lake ndi kukula kwake, kaya 256GB kaya 512GB, dziwani kuti ili moyo.

Kenako onani purosesa yanu. Ngati ndi ya Intel ndipo nambala yake ikuyamba ndi 11, 12 kapena 13, monga i5-1135G7 kapena i5-1235U, vuto lanu ndalidziwa kale. Kuyambira pa 11th Gen, imene inatuluka mu 2020, malaputopu ambiri amabwera atayatsa chinthu chotchedwa VMD. Chimenechi chimakhala pakati pa Windows ndi SSD ya mtundu wa NVMe ngati nkhoswe: Windows siingalankhule ndi disiki mwachindunji, iyenera kudzera kwa ankhoswe. Tsono fulashi imene mukuikira Windows ija sidziwa chinenero cha ankhoswewo, n'chifukwa chake ikuchita ngati m'nyumba mulibe munthu. Driver ya Intel Rapid Storage Technology, imene pantchito timangoti RST, ndiyo imamasulira.

Windows imene inabwera ndi laputopu kuchokera ku fakitale inali nayo kale driver imeneyi. N'chifukwa chake simunaonepo vutoli mpaka tsiku limene munaganiza zofomata.

Driver imeneyi ndiipeza kuti, ndipo ndiilowetsa bwanji?

Yambani ndi webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo. Lembani nambala ya model imene ili kunsi kwa laputopu, kapena Service Tag ngati ndi Dell, n'kuyang'ana gawo la Storage. Ikasowa kumeneko pitani kwa Intel, koma muwerenge kaye ngati driver yo ndi ya m'badwo wa purosesa yanu.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amapanga dawunilodi fayilo ya SetupRST.exe, n'kuiponya pa fulashi, akadina Load driver osaona kanthu. Setup, pulogalamu imene imaika Windows, siwerenga .exe. Imafuna mafayilo amene ali m'kati mwake, othera ndi .inf, .sys ndi .cat. Pa kompyuta ina yoyenda bwino, tsegulani Command Prompt m'foda imene muli fayiloyo, mulembe:

SetupRST.exe -extractdrivers RST

Mupeza foda yatsopano yotchedwa RST. Ikopereni yonse pa fulashi yomwe ija ya Windows, sipafunika ina. Mukafikanso pa bokosi lopanda kanthu lija, dinani Load driver, kenako Browse, mulowe m'fodayo mpaka mufike pamene pali iaStorVD.inf. Kabokosi kolembedwa kuti "Hide drivers that aren't compatible" kasiyeni kali kochongedwa, kakuthandizani kuti musasankhe yolakwika. Dinani Next, mudikire pang'ono, disiki itulukira. Driver imene mwalowetsa chonchi Windows imaitenga n'kupita nayo, simudzaiikanso.

Mnzanga akuti ndingozimitsa VMD mu BIOS basi. Zoona?

Zoona, ndipo pa laputopu ya disiki imodzi imene ndikuifomata yonse, ineyo ndimachita zimenezo. Ubwino wake ndi woti tsiku lina kompyuta ikadzavuta, fulashi iliyonse yopulumutsira mafayilo idzaiona disikiyo popanda kusakasaka driver.

Pa Dell fufuzani pamene alemba RAID On musinthe kukhala AHCI, njira imene Windows imalankhula ndi disiki popanda nkhoswe uja. Pa ASUS muli VMD setup menu pansi pa Advanced. Pa ma Acer ambiri anabisa: mukakhala pa tsamba la Main dinani Ctrl ndi S pamodzi, mzere wa VMD Controller uonekera. Ma HP ena alibiretu posinthira, amenewo njira ndi ya driver basi.

Musazimitse ngati kompyuta ili ndi Intel Optane, monga ma SSD a H10 ndi H20, kapena ngati madisiki awiri analumikizidwa kuti azigwira ntchito ngati imodzi, zimene ndi RAID yeniyeni. Zimenezo zimadalira RST kuti ziyende.

Ndasintha kukhala AHCI, tsopano Windows yanga yakale ikungobweretsa sikirini yabuluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Ndaononga?

Ayi. Bwererani mu BIOS mubweze mmene zinalili, iyaka. Windows imadzuka ndi driver imene inaikidwa nayo, ndiye mukaisinthira njira mwadzidzidzi imasochera isanafike pakhomo.

Ngati mukufunadi kusintha popanda kufomata, chitani motere. Windows ili chiyakire, tsegulani msconfig, pa Boot chongani Safe boot. Poyambiranso lowani mu BIOS musinthe kukhala AHCI. Kompyuta ilowa mu Safe Mode, mmene imanyamula ma driver a disiki amene ikufunikira. Tsegulaninso msconfig muchotse chochonga chija, muyambirenso. Koma musanakhudze chilichonse, onani ngati disiki ili ndi BitLocker, loko wa Windows wokhomera disiki. Malaputopu ambiri atsopano amadzikhoma okha mwini wake osadziwa, ndipo BIOS ikasinthidwa akhoza kufunsa kiyi ya manambala 48. Kiyiyo imapezeka mu akaunti ya Microsoft imene munalowera nayo. Ilembeni papepala kaye.

Pali mtundu wina wa vuto lomweli umene unandizunguza mutu. Kalaliki wa mpingo wina ku Mabvuku anandibweretsera desktop yakale imene inkabweretsa sikirini yabuluu magetsi akangozima n'kubweranso. Ndinkaikonza, iwo n'kupita, patatha masiku atatu abweranso atainyamula m'chikwama. Ulendo wachitatu ndi pamene ndinaona kuti wotchi ya kompyutayo ikunena chaka cholakwika. Kabatire kozungulira ka pa motherboard, ka CR2032, kanali katatha. Magetsi akazima BIOS inkaiwala zonse n'kubwerera ku zimene inabadwa nazo, kuphatikizapo njira ya disiki. Ambiri mwa makompyuta amene timagula kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndiye wotchi ikamasokonekera, yambani ndi kabatireko.

Ine yanga ikuti "A media driver your computer needs is missing". Ndi driver yomwe ija ya RST?

Ayi ndithu, ngakhale mawu ake akufanana. Uthenga uwu umabwera musanafike n'komwe posankha disiki, ndipo ukutanthauza kuti Setup yalephera kuwerenga fulashi yanu. Anthu amataya tsiku lonse akusaka driver pamene wolakwa ali m'manja mwawo.

Dinani Cancel, muzule fulashi, muilowetse pa bowo lina la USB, makamaka lakuda osati labuluu, n'kuyambiranso. Zikakanika, kayikirani ISO yanu, fayilo ya Windows imene munakonzera fulashiyo. Fayilo ya magigabaiti oposa 5 yotsitsidwa pa netiweki yodukaduka, kapena yokopedwa kwa mnzanu amene naye anakopa kwa mnzake, imatha kukhala yopunduka. Pa tsamba limene Microsoft imaperekera ISO amaikanso manambala a SHA256, chidindo chodziwira ngati fayilo yafika yathunthu. Mu PowerShell lembani Get-FileHash ndi dzina la fayilo yanu, muyerekeze. Akasiyana ngakhale chilembo chimodzi, itayeni.

Wolakwa wachitatu ndi fulashi yabodza. Mafulashi ena otchipa a m'misewu amalembedwa 64GB pamene m'kati muli malo ochepa kwambiri. Amalandira mafayilo mwaulemu, osadandaula, koma zimene zapitirira malo enieniwo zimangosowa. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso, bodza limaonekera pomwepo.

Pokonza fulashi ndigwiritse ntchito chiyani: Media Creation Tool, Rufus kapena Ventoy?

Ngati muli ndi intaneti yodalirika ndi fulashi ya 8GB kapena kuposa, Media Creation Tool ya Microsoft ndi yosavuta. Kungoti imatsitsa Windows yonse nthawi iliyonse, ndipo bandulo imalira. Ine ndimasunga ISO imodzi yabwino n'kumagwiritsa ntchito Rufus poiika pa fulashi. Ventoy ndi ya amene akufuna ma ISO angapo pa fulashi imodzi: mumaikonza kamodzi, kenako mumangokoperapo mafayilo.

Chimene sichitheka ndi kufomata fulashi kukhala FAT32 n'kukoperapo zonse pamanja. FAT32 silandira fayilo yoposa 4GB, ndipo install.wim ya Windows za masiku ano imaposa pamenepo.

Disiki ikuoneka, koma akuti "Windows cannot be installed to this disk" ndi zina za GPT kapena MBR.

Apa driver mulibemo: GPT ndi MBR ndi njira ziwiri zogawira disiki. Nkhani ndi ya mmene mwadzutsira fulashi. Mukaidzutsa mwatsopano, mwa UEFI, imafuna disiki ya GPT, mukaidzutsa mwachikale, mwa Legacy, imafuna MBR. Pa boot menu, imene ndi F12 pa Dell ndi Lenovo, F9 pa HP, Esc pa malaputopu a ASUS, fulashi imodzi imatha kuoneka kawiri. Akakana chifukwa disiki ndi ya GPT, sankhani mzere woyamba ndi mawu oti UEFI, vuto latha popanda kufufuta kanthu.

Akakana chifukwa ndi ya MBR, anthu amakuuzani kuti dinani Shift ndi F10, mulembe diskpart, list disk, select disk 0, clean, convert gpt. Zimagwiradi ntchito. Koma mawu oti clean asakupusitseni ngati akutanthauza kusesa pabwalo. Amachotsa magawo onse a disikiyo, C ndi D yomwe, ndipo safunsa kuti mwatsimikiza. Mtsikana wina wa ku koleji anabwera kwa ine maso ali ofiira atatsatira vidiyo ya pa intaneti. Iye ankaganiza kuti D ndi disiki ina, pamene linali gawo chabe la disiki yomweyo, ndipo ntchito yake ya chaka chomaliza inali mmenemo. Tinapulumutsa zambiri chifukwa anali asanaikepo Windows yatsopano pamwamba. Akanadina Next, bwenzi tikunena zina.

Muonetsetsenso nambala. Disk 0 si nthawi zonse imakhala disiki imene mukuganiza. Yang'anani kukula kwake pa list disk. Kompyuta ikakhala ndi madisiki awiri, ine ndimazula imene sindikuifuna mpaka ntchito itatha. Ndipo ngati Windows 10 ikuyenda kale pa MBR, muli chida chotchedwa mbr2gpt chimene chimasintha popanda kufufuta mafayilo.

Ndili ndi makompyuta 20 ofanana a pasukulu. Ndizidina Load driver pa iliyonse?

Ayi aphunzitsi, driver imeneyo iphatikizeni mu fulashi momwemo.

Njira yachidule imene ambiri saidziwa ndi iyi: pamwamba penipeni pa fulashi pangani foda yotchedwa $WinPEDriver$ n'kuikamo foda ya driver ija. Setup imayang'ana yokha foda ya dzina limeneli, n'kunyamula zimene zilimo. Ikanimo driver ya disiki yokha. Mukathiramo ma driver onse amene muli nawo, imodzi yosagwirizana ikhoza kuimitsa ntchito yonse.

Njira yokhalitsa ndi ya DISM, chida chimene chili kale mu Windows. M'foda ya sources muli mafayilo awiri ofunika. Ya boot.wim ndi ka Windows kakang'ono kamene kamayendetsa Setup, pamene install.wim ndi Windows yeniyeni imene ikukakhala pa disiki. Mu boot.wim muli zigawo ziwiri, ndipo Setup ili mu Index 2. Koperani zonse za mu ISO m'foda ya C:\win, mupange foda yopanda kanthu ya C:\mount, ma driver muwaike mu C:\drivers. Tsegulani Command Prompt ngati Administrator mulembe mizere iyi umodziumodzi:

dism /Mount-Image /ImageFile:C:\win\sources\boot.wim /Index:2 /MountDir:C:\mount

dism /Image:C:\mount /Add-Driver /Driver:C:\drivers /Recurse

dism /Unmount-Image /MountDir:C:\mount /Commit

Mzere woyamba ukumasula mtolo, wachiwiri ukuikamo katundu, wachitatu ukumanganso. Mukaiwala /Commit mwagwira ntchito yaulere. Bwerezani zomwezo pa install.wim, koma yambani ndi dism /Get-WimInfo kuti mudziwe Index ya mtundu umene mukufuna, chifukwa Home ndi Pro zili ndi manambala osiyana. Mukamaliza, mafayilo awiriwo alowe m'malo mwa akale m'foda ya sources ya pa fulashi. Mukaika mu boot.wim mokha, Setup idzaiona disiki n'kukopera zonse bwinobwino, koma Windows ikhoza kudzagwa pa sikirini yabuluu ikamadzuka koyamba.

Tinthu titatu timene timakwiyitsa. Mafayilo okopedwa ku ISO nthawi zina amakhala Read-only, chotsani chizindikirocho kaye. Mukasiya windo ya Explorer ili yotsegula mu C:\mount, kumanganso kumakanika, ndipo zikasokonekera dism /Cleanup-Mountpoints imakonza. Chachitatu, fulashi yopangidwa ndi Media Creation Tool imakhala ndi install.esd m'malo mwa install.wim, ndipo imeneyo muyenera kuisandutsa kaye wim ndi /Export-Image musanaikemo kanthu.

Amene mizere yakudayi imawachititsa chizungulire, pulogalamu ya NTLite imachita zomwezi ndi mawusi. Ndi yabwino, koma ili ndi mabatani ambiri ochotsera zigawo za Windows, ndipo dzanja limayabwa. Ikani driver, musunge, mutuluke.

Makina anga osokera mabaji amayenda ndi pulogalamu ya Windows 7 yokha. Pa kompyuta yatsopano kiyibodi ndi mawusi zikufa Setup ikangoyamba.

Windows 7 inatuluka mu 2009, isanadziwe USB 3.0 kapena NVMe. Kuyambira pa 6th Gen ya Intel, mu 2015, njira yakale ya USB imene Windows 7 inkaidziwa inachotsedwa, ndiye Setup imakhala yopanda manja. Muyenera kuphatikiza driver ya USB 3.0 mu boot.wim, Index 1 ndi 2, ndi mu install.wim. Ngati disiki ndi NVMe pamafunikanso update ya KB2990941. Akale pantchitoyi akukumbukira kuti ndi nkhondo yomwe ija ya Windows XP, pamene tinkadina F6 n'kusaka floppy, mpaka nLite inatipulumutsa.

Malangizo anga, amayi: musalimbane ndi kompyuta yatsopano. Gulani desktop yakale ya 3rd kapena 4th Gen, zilipo zambiri m'mashopu a m'tauni, Windows 7 imalowa popanda mkangano. Ndipo musailumikize pa intaneti, chifukwa Microsoft inasiya kuiteteza pa 14 Januwale 2020.

Driver ndaika, VMD ndazimitsa, disiki sikuonekabe.

Tsopano tikhoza kuyamba kukayikira chitsulo. Ngati SSD ndi yatsopano, onani ngati ndi mtundu woyenera. Ma SSD a M.2 alipo a SATA ndi a NVMe, amaoneka ngati mapasa, ndipo ya SATA imatha kulowa bwinobwino pamalo amene amamva NVMe yokha. Ngati ndi yakale, izuleni muibwezeretse bwino n'kumanga kasikuluwu kake, poti laputopu yoyenda m'kombi tsiku ndi tsiku imagwedezeka. Ikakanabe, iyeseni pa kompyuta ina. Ikapanda kuoneka mu BIOS ya makompyuta awiri, pamenepo ndivomera kuti yafa.

Setup imayamba bwino, koma pakati imaima ndi 0x8007025D.

Zimene zikuwerengedwa pa fulashi zikufika zitaonongeka. Sinthani bowo la USB, kenako fulashi, kenako ISO. Zonsezi zikakanika, yesani RAM: ngati zilipo ziwiri zulani imodzi, kapena muyendetse kapulogalamu koyezera RAM ka MemTest86. RAM yodwala imatha kupirira ntchito za tsiku ndi tsiku, koma pomasula fayilo yaikulu chonchi imaulula matenda ake.

Za magetsi mukuzidziwa nokha. Laputopu ya batire lakufa kapena desktop yopanda UPS, batire losungira magetsi, musaiyambe ntchitoyi pa nthawi imene kwanuko amakonda kuzimitsa. Windows ikadukira pakati mumangoyambiranso, palibe chachikulu. Koma update ya BIOS ikadukira pakati, kompyuta ikhoza kusayakanso.

Windows yalowa, koma WiFi palibe, touchpad sikuyenda.

Lumikizani foni ya Android ndi chingwe, muyatse USB tethering. Nthawi zambiri Windows imaiona popanda driver ina, ndipo Windows Update imabweretsa zotsalazo. Bwerekani mawusi ya USB.

Ulendo wina, musanafomate kompyuta imene ikuyakabe, pangani foda pa fulashi n'kulemba dism /online /export-driver /destination:E:\drivers, kusintha E kukhala chilembo cha fulashi yanu. Ma driver onse a kampani, a WiFi, a touchpad ndi RST yomwe ija, amatuluka ali okonzeka kale ngati .inf. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo sidya bandulo.

Ndikufuna kuika Ubuntu, mtundu wa Linux, koma ikuti "Turn off RST".

Sinthani BIOS kukhala AHCI. Ngati mukufuna kusunga Windows pambali pake, yambani ndi njira ya Safe Mode imene ndafotokoza pamwambapa.

Windows 10 akuti yatha. Laputopu yanga ya 7th Gen ikukana 11.

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, RAM ya 4GB, disiki ya 64GB, ndipo kwa Intel imalandira makamaka 8th Gen kupita m'tsogolo. Onani kaye ngati TPM inangozimitsidwa mu BIOS, kumene Intel amaitcha PTT ndipo AMD amati fTPM. Rufus ili ndi kabokosi kodumphira zofunikazi, ndipo ndaikirapo anthu ambiri, koma ndimawauziratu kuti Microsoft silonjeza ma update pa kompyuta yotere.

Windows yakale sikuyaka, koma muli zithunzi za ukwati ndi za maliro a agogo kumudzi ku Dedza. Ndingazitulutse ndisanafomate?

Mukhoza, ndi fulashi yomweyo. Pitani mpaka posankha disiki, mulowetse driver kuti disiki ioneke, koma musadine Format, Delete kapena Next. Lowetsani fulashi yachiwiri kapena hadi yakunja. Dinani Shift ndi F10, pa malaputopu ena muonjezere Fn, ndipo pa windo yakudayo lembani notepad. Mu Notepad dinani File, kenako Open, musinthe pansipo kukhala All Files. Kawindo kameneko kamagwira ntchito ngati Explorer: lowani mu Users, mupeze foda ya dzina lanu, mudine kumanja pa Pictures, Copy, mupite pa fulashi yachiwiri, Paste.

Zilembo zimasinthika mmenemu, C yanu ikhoza kuoneka ngati D kapena E, ndiye tsegulani iliyonse mpaka mupeze Users. Sipaoneka mzere wosonyeza pamene kukopera kwafika, sikirini imangokhala ngati yauma. Musazimitse, yang'anani kagetsi ka fulashi. Disiki ikakana kutseguka chifukwa cha BitLocker, tengani kiyi ya manambala 48 ija pa foni, mulembe manage-bde -unlock D: -RecoveryPassword ndi manambalawo, kusintha D kukhala chilembo cha disikiyo, kenako mubwerere ku Notepad.